Pampu ikazimitsidwa, magetsi a mu koyilo amapita kuti?

Kabolodi ka Arduino Uno, kakompyuta kakang'ono koyendera pulogalamu imene mwakalembera, kakhoza kuyeza chinyezi cha m'nthaka, kusunga nthawi, n'kudziwa kuti ino ndi nthawi yothirira dimba. Chimene sikangathe ndi kuyendetsa pampu pakokha. Pini iliyonse ya chip yake, ATmega328P, imatulutsa 5V, ndipo opanga amati current yake, kuchuluka kwa magetsi oyenda mu waya, isadutse 40mA zivute zitani (1000mA ndi 1A), pamene mulingo wabwino ndi 20mA. Pampu yaing'ono ya 12V, ija anthu amalumikiza ku batire la sola, imakoka 4A kapena 5A ikamagwira ntchito bwinobwino. Apa ndiye kuti pampu ikufuna current yochuluka ka 250 kuposa imene pini ingapereke. Pakati pa kabolodi ndi pampu payenera kukhala chinthu cholandira lamulo laling'onolo n'kutsegulira njira magetsi ambiri, ndipo chinthucho ndi transistor.

Ambiri akafika pamenepa amaona ngati nkhani yatha: kugula transistor yolembedwa ma amp ambiri, kuilumikiza, basi. Zikanakhala choncho ndithu tikanati tikuyatsa waya wotenthetsa kapena mababu a LED. Koma pampu, fani, relay (swichi yoyendetsedwa ndi magetsi), valavu ya solenoid (yotsegulidwa ndi maginito), loko wa magetsi, mota yotembenuza mazira m'makina oswetsera anapiye, zonsezi m'kati mwake muli koyilo, waya wa kopa wokulungidwa maulendo ambirimbiri. Koyilo ili ndi khalidwe lake, ndipo khalidwelo limaonekera kwambiri pozimitsa. Ma transistor ambiri amene amapsa pa ntchito yotereyi amapsa pa kamphindi kamene kabolodi kalamula kuti pampu iime.

Khalidwe la koyilo

Current ikamayenda mu koyilo imapanga mphamvu ya maginito mozungulira wayayo. Mphamvuyo siingochokera kumwamba, yatengedwa ku batire ndipo yasungidwa mmenemo. Michael Faraday, ku England, anapeza mu 1831 kuti maginito akamasintha amabala voltage, mphamvu yokankha current, mu waya. Joseph Henry, ku America, analemba mu 1832 za kamoto kamene kankathetheka akamadula current mu waya wautali, makamaka wokulungidwa, ndipo n'chifukwa chake mulingo woyezera kukula kwa koyilo umatchedwa henry. Mu 1834 Heinrich Lenz anafotokoza mbali imene voltage imeneyi imalowera: nthawi zonse imalimbana ndi kusinthako. Mukafuna kuwonjezera current, koyilo imachedwetsa. Mukafuna kuidula, koyilo imaikankha kuti ipitirizebe kuyenda mbali yomweyo.

Amene anatsekapo mwadzidzidzi mpopi wa paipi yaitali madzi akuthamanga anamvapo paipi ikugunda mpaka kunjenjemera pakhoma. Madziwo anali paulendo, mwawatsekera, ndiye mphamvu yawo yonse yathera pa mpopi ndi m'malo olumikizira. Current ya mu koyilo imachita chimodzimodzi, kungoti kugunda kwake ndi voltage.

Masamu ake ndi osavuta. Voltage imene koyilo imabala ndi kukula kwa koyilo kuchulukitsa ndi liwiro limene current ikusinthira. Tiyerekeze solenoid ya 10mH, ndiye kuti 0.01 henry, imene ikukoka 1A. Transistor ikhoza kudula current imeneyi m'kati mwa microsecond imodzi, gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi. Mukachulukitsa 0.01 ndi 1, n'kugawa ndi 0.000001, mupeza 10,000V. Kuchokera ku batire la 12V. Kunena zoona voltage siifika pamenepo, chifukwa isanafike pali chinthu china chimene chimagonja n'kupereka njira, ndipo chofooka kwambiri pamalopo ndi transistor yanu, imene mwina inapangidwa kuti ipirire 55V kapena 60V.

Amakaniko a galimoto amaidziwa bwino nkhaniyi, ngakhale amaitchula mwina. Moto wa pa pulagi umachokera ku batire lomweli la 12V. M'magalimoto akale mapointi ankatseguka, current ya mu koyilo n'kudulidwa mwadzidzidzi, voltage n'kukwera, mbali yachiwiri ya koyilo n'kuikweza kufika masauzande ambiri. M'magalimoto amakono ntchito ya mapointi imagwiridwa ndi transistor yopangidwira zimenezo. Kumeneko kudumpha kwa voltage ndi kofunika. Pa pampu yathu ndi mdani.

Mphamvu yosungidwa mu koyilo ndi theka la kukula kwa koyilo kuchulukitsa ndi current, n'kuchulukitsanso ndi current yomweyo. Solenoid yathu ija yasunga 0.005 joule. N'zochepa, ndipo ma transistor ambiri amakono a mtundu wa MOSFET akhoza kumeza kugunda kotere kamodzi osafa. Pa datasheet, chikalata cha opanga chofotokoza malire a chipangizo, pamakhala mzere wonena za avalanche energy, mphamvu imene transistor ingameze motere. Ichi ndicho chimasokoneza anthu, chifukwa dera lopanda chitetezo limagwira ntchito lero, mawa, mwinanso mwezi wathunthu. Koma onani kuti current ikawirikiza kawiri mphamvuyo imawirikiza kanayi. Komanso mukayamba kuchepetsa liwiro la pampu ndi lamulo la analogWrite, njira yoyatsa ndi kuzimitsa mofulumira yotchedwa PWM, Arduino Uno imayatsa ndi kuzimitsa pafupifupi ka 490 pa sekondi pa mapini ambiri, ka 980 pa pini 5 ndi 6. Kugunda kuja kwasanduka ntchito ya sekondi iliyonse, maulendo mazana.

Kupatsa current njira yobwerera

Malumikizidwe ofala ndi awa. Waya wa positive wochokera ku batire umapita ku pampu. Waya wina wa pampu umapita ku MOSFET ya mtundu wa N, imene ili ndi miyendo itatu, gate, drain ndi source, ndipo umalumikizidwa ku drain. Source imapita ku negative ya batire. Gate imalandira lamulo kuchokera ku pini. Transistor ili kumunsi kwa pampu, ndipo ubwino wake ndi woti source ili pa ground, mbali ya negative ija, choncho 5V ya pini imayezedwa kuchokera pamalo odziwika. Pa ma MOSFET a thupi la TO-220, mukayang'ana kumene kuli zolemba miyendo italoza pansi, kumanzere ndi gate, pakati drain, kumanja source. Chitsulo cha kumsana chija ndi drain, choncho chisakhudze bokosi lachitsulo limene lili pa ground.

Transistor ikazima, current ya mu pampu imafunabe kutsikira ku drain, koma njira yatsekedwa, ndiye voltage ya pa drain imakwera kudutsa 12V. Apa ndi pamene timaika diode, kachipangizo kodutsitsa current mbali imodzi yokha, modutsa pampu yeniyeniyo: mwendo wa kumene kuli kamzere upite ku positive, mwendo winawo upite ku drain. Pampu ikamayenda diode ili chogona, siidutsa kanthu. Transistor ikangozima, voltage ya pa drain ikakwera ndi 0.7V yokha pamwamba pa batire, diode imatseguka, current n'kumazungulira kuchokera mu koyilo, kudutsa mu diode, kubwereranso mu koyilo, mpaka mphamvu yonse itathera m'kutentha kwa waya. Transistor imangoona pafupifupi 13V m'malo mwa mazana.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasocheretsa anthu pamenepa. Choyamba, pa chithunzi cha MOSFET pamaoneka diode ya m'kati pakati pa source ndi drain, ndipo transistor ya TIP120 nayonso ili nayo pakati pa miyendo yake ya emitter ndi collector. Wina akaona amati chitetezo chilipo kale. Diode imeneyo ili pamalo ena ndipo yaloza mbali ina: imatseguka drain ikatsika kupitirira ground, pamene vuto lathu ndi drain kukwera. Pa malumikizidwe athuwa siithandiza. Chachiwiri ndi kusankha diode yenyeniyo, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa diode ya 1N4007 yakhala ikuikidwa paliponse ngati kuti ndi yankho la zonse.

Pa nthawi yozimitsa, current imene imalowa mu diode ndi yofanana ndi imene inkayenda mu koyilo, siichuluka. Voltage imene diode iyenera kupirira ili chogona ndi ya batire basi. Choncho 1000V ya 1N4007 ilibe ntchito kwenikweni kuno. Chofunika ndi current. Ngati mukungoyatsa ndi kuzimitsa relay kapena solenoid mwa apo ndi apo, diode imagwira ntchito kwa ma millisecond ochepa kenako n'kupuma, ndipo 1N4007, imene imapirira 1A mosalekeza ndi 30A kwa kanthawi kochepetsetsa, ndi yokwanira bwino. Koma pa PWM zinthu zimasintha. Transistor ikakhala yoyaka theka la nthawi, theka linalo current ya mota ikuyenda mu diode. Ngati mu mota mukuyenda 4A, diode ikunyamula pafupifupi 2A mosalekeza. 1N4007 imatentha mpaka kupsa, ndipo diode ikapsa kawirikawiri imagwirana m'kati n'kukhala ngati waya. Transistor ikayakanso imapeza positive ya batire yalumikizidwa mwachindunji ku drain, nayonso n'kupsa.

Palinso nkhani ya liwiro. Diode wamba ikakhala ikudutsitsa current, siitseka nthawi yomweyo voltage ikatembenuka. Imatenga ma microsecond angapo, ndipo m'kanthawi kameneko transistor yongoyaka kumene imaona njira yachidule yochokera ku batire. Kamodzi sivuto. Maulendo masauzande pa sekondi ndi kutentha komanso phokoso la magetsi losokoneza kabolodi. N'chifukwa chake pa mota za PWM ine ndimalimbikitsa diode ya Schottky, imene ilibe kuchedwa kotere ndipo imadya voltage yochepa, pafupifupi 0.4V kapena 0.5V. 1N5819 ndi ya 1A ndi 40V, 1N5822 ndi ya 3A ndi 40V, SR560 ndi ya 5A ndi 60V, ndipo MBR1045 ndi ya 10A ndi 45V m'thupi loti mukhoza kulimangirira pa chitsulo choziziritsa. Pa pampu ya 5A ndingatenge MBR1045 osaganizanso kawiri.

Nanga diode iikidwe pati, pa pampu kapena pa bolodi? Ambiri amati pa pampu penipeni, ndipo mawaya akakhala aafupi n'zoona kuti palibe kusiyana. Koma pampu ya kudimba ikhoza kukhala mamita 10 kuchokera pa bokosi la kabolodi. Waya wowongoka nawonso uli ndi khalidwe la koyilo, pafupifupi 1 microhenry pa mita iliyonse. Diode ikakhala kutali pa pampu, imasamala za koyilo ya pampu yokha, pamene current ya m'mawaya aataliwo imadulidwabe mwadzidzidzi. Ma microhenry 10 okha, ndi 5A yodulidwa mu microsecond imodzi, amabala 50V pamwamba pa batire, zimene zadutsa kale malire a transistor ya 55V. Diode ikakhala pa bolodi, pafupi ndi drain, mawaya aatali aja amakhala m'kati mwa njira yozungulira ija ndipo current yawo imatsika pang'onopang'ono limodzi ndi ya pampu. Chotsala ndi waya wochokera ku batire, ndipo umenewu timauthetsa ndi capacitor (kachipangizo kosunga magetsi kwa kanthawi) yaikulu, 1000µF kapena kuposa, ya 25V, yoikidwa pakati pa positive ndi source, pafupi kwambiri ndi diode ndi transistor. Zitatuzi, capacitor, diode ndi transistor, zikhale moyandikana mmene zingathekere, ndi miyendo yaifupi. Pa mota yeniyeniyo wotchererani kakapasita ka ceramic ka 100nF kuti kameze kuthetheka kwa mabulashi.

Diode yokha ili ndi mtengo wake: imachedwetsa kuzima. Tiyerekeze koyilo ya 100mH, ya ma ohm 12, imene ikukoka 1A. Ndi diode yokha, current imatenga pafupifupi ma millisecond 24 kuti ifike pa ziro. Mukawonjezera zener ya 24V, diode imene imatseguka chobwerera voltage ikafika 24V, mondondozana ndi diode ija, moyang'ana mbali yosiyana nayo, koyilo imaloledwa kukwera mpaka 24V isanapeze njira, mphamvu imathera msanga mu zener, ndipo nthawi imatsika kufika pafupifupi ma millisecond 3. Transistor pamenepo iona 12V kuphatikiza 24V ndi pang'ono, pafupifupi 37V, kapena 39V batire likamatchajidwa pa 14.4V. Pa pampu yothirira kuchedwa kuja kulibe kanthu. Pa valavu yoyenera kutseka pa nthawi yake yeniyeni, monga ma injector a injini, kumasintha mulingo wa mafuta. Pa relay yodula current yaikulu, kuchedwa kumachititsa kuti mano ake alekane mwaulesi, moto uzithetheka nthawi yaitali, manowo n'kutha msanga. Koma zener musaiike pa mota ya PWM, chifukwa kumeneko timafuna current izizungulira osatayika.

Transistor iyake kwathunthu

Theka lina la nkhaniyi ndi kutentha. Transistor yozima kwathunthu siitentha chifukwa palibe current. Yoyaka kwathunthu imatentha pang'ono chifukwa voltage yotsalira pa iyo ndi yochepa. Yoyaka mwatheka ndi imene imapsa.

Transistor wamba ya NPN imayendetsedwa ndi current ya pa base, mwendo wolandira lamulo, ndipo kuti iyake kwathunthu opanga amaiyeza ndi current ya base yokwana gawo limodzi mwa magawo 10 a current ya collector. Pa karelay kabuluu ka 5V, kamene koyilo yake imakoka pafupifupi 70mA, transistor ya PN2222 ndi resistor (kachipangizo kochepetsa current) ya ma ohm 680 kapena 1k pa base zimagwira ntchito bwino, ndi diode yake modutsa koyilo. Marelay akakhala ambiri, chip ya ULN2003 ili ndi njira 7, iliyonse mpaka 500mA ndi 50V, ndipo ma diode ali kale m'kati, bola mukumbukire kulumikiza pini ya COM ku positive ya marelay, chifukwa ikasiyidwa ma diode aja sagwira ntchito. Koma pa 5A, base ingafune 500mA, ndipo pini ilibe.

Sidney Darlington wa ku Bell Labs anapeza njira yolumikizira ma transistor awiri, ina kuyendetsa inzake, ndipo patent yake inatuluka mu 1953. TIP120 ndi ya mtundu umenewu: 60V, 5A, ndipo imakulitsa current ka 1000. Yakhala m'maphunziro a Arduino zaka zambiri ndipo ikupezeka mosavuta. Vuto lake lili pa datasheet yake yomwe: pa 3A, voltage yotsalira pa transistor ikhoza kufika 2V, pa 5A ikhoza kufika 4V. Pa 3A ndiye kuti mawati 6 akusanduka kutentha. Thupi la TO-220 lopanda choziziritsa limakwera ndi madigiri pafupifupi 62 pa wati iliyonse, ndipo m'kati mwa transistor simuyenera kudutsa madigiri 150. Mawati awiri okha afika kale pamalire. Kuwonjezera apo pampu yalandidwa 2V mwa 12V zake, batire la sola likutenthetsa chitsulo m'malo mopopa madzi. Pa katundu wosapitirira 1A, TIP120 ndi yabwinobwino. Kupitirira apo ine sindiilimbikitsa.

MOSFET, imene Mohamed Atalla ndi Dawon Kahng anapanga ku Bell Labs komweko mu 1959, imayendetsedwa ndi voltage ya pa gate, ndipo ikayaka kwathunthu imakhala ngati resistor yaing'ono kwambiri. Koma apa ndi pamene pali msampha waukulu kuposa yonse. Pa datasheet pali mzere wa Vgs(th), ndipo pa IRF540N kapena IRFZ44N umati 2V mpaka 4V. Munthu amawerenga n'kunena kuti 5V ya Arduino yadutsa. Werengani mzere womwewo mpaka kumapeto: muyezo umenewu unatengedwa current ili 250 microamp. Ndi voltage imene transistor imayamba kumene kudontha. Mzere wofunika ndi wa Rds(on), resistance ya pakati pa drain ndi source transistor ikayaka, ndipo pa IRF540N umati ma milliohm 44 gate ili pa 10V. Palibe lonjezo lililonse la pa 5V. Timabolodi tofiira ta IRF520 togulitsidwa limodzi ndi zida za Arduino tili ndi vuto lomweli: IRF520 inayezedwa pa 10V, ndipo ngakhale pamenepo ndi ma ohm 0.27. Timayendetsa kafani bwinobwino, koma pa ma amp angapo timatentha.

Mtundu wofunika ndi wa logic level, umene Rds(on) yake yalembedwa pa voltage imene pini yanu ingapereke. IRLZ44N ndi ya 55V ndipo imalonjeza ma milliohm 25 pa 5V, 35 pa 4V. Pa 5A, kutentha ndi 5 kuchulukitsa 5 kuchulukitsa 0.025, pafupifupi 0.6W, kukwera kwa madigiri pafupifupi 40. M'bokosi lotsekedwa la pa dzuwa la mu Okutobala ndingaikebe kachitsulo koziziritsa, chifukwa Rds(on) imakwera transistor ikamatentha. Onani kuti IRLZ44N ndi IRFZ44N zimasiyana ndi chilembo chimodzi chokha. Pogula werengani pa thupi la transistor lenilenilo. Ndipo 47A yolembedwa pamwamba pa datasheet musaitengere pamtima, chifukwa inayezedwa thupi la transistor litasungidwa pa madigiri 25, zimene sizichitika pa bolodi lanu.

Ogwiritsa ntchito ESP32, Raspberry Pi kapena Raspberry Pi Pico ali ndi 3.3V yokha. IRLZ44N ilibe lonjezo pansi pa 4V. Nthawi zambiri imaoneka ngati ikugwira, koma ina ikhoza kugwira, inzake ya m'paketi yomweyo n'kutentha. Pa current yochepa kapena yapakatikati pali tima MOSFET ting'onoting'ono ngati AO3400, ka 30V, kamene kanayezedwa pa 2.5V. Pa current yaikulu ikani gate driver, monga TC4427 kapena TC4420, imene imalandira lamulo la 3.3V n'kukankha gate ndi voltage yapamwamba. Samalani kuti gate ya IRLZ44N imapirira 16V yokha, choncho driver isadye mwachindunji ku batire limene likhoza kukwera.

Gate ndi timaresistor tiwiri

Amati gate siikoka current, ndipo n'zoona ikakhazikika. Koma m'kati mwake ndi capacitor, ndipo iyenera kudzazidwa poyatsa n'kukhuthulidwa pozimitsa. Pa IRLZ44N ndi ma nanocoulomb mpaka 48. Resistor ya ma ohm 220 pakati pa pini ndi gate imateteza pini kuti isakokedwe kupitirira muyezo. Ina ya 10k mpaka 100k pakati pa gate ndi source imakokera gate pansi. Yachiwiriyi ambiri amaisiya poona kuti dera likugwira popanda iyo. Ntchito yake imaoneka kabolodi kakamayamba kapena kakamalandira pulogalamu yatsopano: pa nthawiyo mapini sali pamwamba kapena pansi, ali lende, ndipo gate ikhoza kutola voltage iliyonse, ngakhale ya chala chanu, n'kuyatsa transistor mwatheka pampu ili yolumikizidwa.

Ndi resistor ya 220, transistor imatenga pafupifupi ma microsecond 3 kudutsa m'chigawo choopsa chija chapakati. Pa 12V ndi 5A, kudutsa kulikonse kumataya pafupifupi ma microjoule 90, kawiri pa kuzungulira kulikonse. Pa 490Hz zonse pamodzi sizifika 0.1W, palibe chodandaulitsa. Koma mota ya pa 490Hz imalira, ndipo anthu amakweza PWM kufika 20kHz kuti kulirako kusamveke. Pamenepo kutaya komweko kwafika 3.6W, kuposa kutentha konse kwa Rds(on) ka 6. Transistor yomweyo, pampu yomweyo, mwangosintha mzere umodzi mu pulogalamu. Mukafuna PWM yothamanga chotero, gate driver ndi yofunika ngakhale pa kabolodi ka 5V.

Kabolodi kakamangoyambiranso

Dandaulo lina lofala ndi lakuti pampu ikangoyaka, Arduino imayambiranso kapena kuzizira. Mota yoima ilibe voltage yobwerera imene imabala ikamazungulira, choncho poyamba current imatchingidwa ndi resistance ya waya wake yokha. Mota ya theka la ohm pa 12V imafuna 24A pa kamphindi koyamba, ndipo imakokabe yomweyo ngati mchenga waitsekereza kuti isazungulire. Transistor ndi mawaya zisankhidwe poganizira nambala imeneyi. Kukoka kotere kumagwetsa voltage ya batire lofooka, 5V ya kabolodi n'kutsika nayo. Kuyambitsa pampu pang'onopang'ono ndi PWM, kwa theka la sekondi kapena sekondi imodzi, kumachepetsa kwambiri vutoli. Kabolodi kadye kudzera mu buck converter, kachipangizo kotsitsa voltage, monga LM2596, ndi capacitor yakeyake, ndipo kuika diode patsogolo pa capacitor imeneyo kumaletsa pampu kuyamwa magetsi amene yasungira kabolodi. Musadyetse mota kapena solenoid kuchokera pa pini ya 5V ya Arduino.

Ground ya kabolodi ndi negative ya batire ziyenera kulumikizana, apo ayi gate ilibe poyezera voltage yake. Koma malo olumikizira ndi ofunika. Current ya pampu ichoke pa source kupita ku batire pa waya wake wonenepa. Ground ya kabolodi ibwere pa waya wake wokha n'kukumana ndi winayo pa source penipeni. Current ya 5A ikadutsa m'timawaya ta breadboard, kabolodi koyeserapo dera osawotcherera, kapena m'njira za pa kabolodi, imabala voltage m'njiramo, ndipo kabolodi kamayamba kuwerenga masensa molakwika. Breadboard yokhayo siyenera kunyamula ma amp otere. Ngati phokoso likupitirirabe, optocoupler monga PC817 imalekanitsa mbali ziwirizo kotheratu, bola mbali iliyonse ikhale ndi magetsi ake.

Fyuzi iikidwe pafupi ndi positive ya batire. MOSFET ikafa kawirikawiri imafa yoyaka, drain ndi source zitagwirana, nthawi zina n'kutumiza 12V ku gate mpaka ku pini. Pampu ndiye siimanso, thanki imasefukira kapena pampu imayenda youma. Batire la lead-acid likhoza kutulutsa ma amp mazana mu waya wogwirana, okwanira kuyatsa moto. Komanso tsiku lina wina adzatembenuza mawaya a batire, ndipo pamenepo diode ya m'kati mwa MOSFET ndi diode yathu yoteteza ija zonse zimatseguka mondondozana, kukhala njira yachidule kuchokera ku mbali ina ya batire kufika ku inzake. Fyuzi ya galimoto ya 10A ndi imene imaima pakati pa ngozi imeneyi ndi bolodi lonse.

Mota yoyenera kuzungulira mbali zonse ziwiri imafuna ma transistor anayi, H-bridge, ndipo diode imodzi modutsa mota siingathekenso chifukwa mbali ina ingakhale njira yachidule. Pamakhala ma diode anayi. L293D imafika 600mA, L298N 2A koma imadya voltage yambiri ngati TIP120, ndipo pa mota zazikulu timabolodi ta BTS7960 n'tabwino kuposa kudzipangira nokha, chifukwa transistor ya pamwamba ndi ya pansi zikayaka limodzi ngakhale kwa microsecond imodzi zimagwiranitsa batire. Pampu ya pa mjigo ya 230V ya AC ndi nkhani ina kotheratu. MOSFET imodzi siingaizimitse, diode siiikidwa modutsa katundu wa AC, ndipo magetsi amenewo amapha. Kumeneko transistor yanu iyendetse relay, relay iyendetse contactor (relay yaikulu) yoyenera kukula kwa mota, koyilo ya contactor itetezedwe ndi RC snubber kapena varistor, zipangizo zomeza kudumpha kwa voltage, ndipo mbali ya 230V ilumikizidwe ndi munthu wodziwa ntchito ya magetsi a m'nyumba.

Mukamaliza kuwotcherera dera la 12V, yambani ndi babu la galimoto m'malo mwa pampu, fyuzi ili pamalo pake, muone ngati likuyaka ndi kuzima polamulidwa, komanso ngati likukhala lozima mukadina batani la reset. Kenako lumikizani pampu, iyende pa liwiro lonse, muyeze ndi multimeter pakati pa gate ndi source: payenera kukhala pafupi ndi 5V. Yezaninso pakati pa drain ndi source. Pa IRLZ44N yeniyeni ndi 5A muyenera kupeza pakati pa 0.1V ndi 0.2V. Mukapeza theka la volt kapena kuposa, mwina gate siikulandira voltage yokwanira, mwina transistor ili ndi dzina limene si lake, chifukwa zachinyengo zilipo zambiri pamsika. Pomaliza tsitsani PWM kufika pakati, pampu iyende mphindi 10, muzimitse, mukhudze diode ndi transistor. Pa liwiro lapakati limeneli ndi pamene diode imanyamula current yambiri, ndipo ngati chala sichikupirira masekondi angapo, ikani yaikulu kapena muimangirire pa chitsulo choziziritsa musanatseke bokosi.